Tsiku Limene Bambo Ake Anawongola Roma

Ine ndinabereka ana anayi. Atatu analowa m'banja mwakachetechete ngati anthu. Wachinayi uyu ndiye wandimeretsa imvi.

Timamutchula Kapensulo chifukwa kuyambira ali wamng'ono pensulo siinkachoka kukhutu kwake, ndipo makoma onse a m'nyumba mwanga anawalembalemba ndi iyeyo. Lero ndi mtsikana wamkulu, amagwira ntchito kuholo ya zisudzo. Iye amajambula nyumba, misewu ndi mapiri, ena n'kumanga zimenezo ndi matabwa ndi nsalu, ochita sewero n'kumavina kutsogolo kwake.

Chaka chino anamupatsa sewero la nyimbo ndi nthabwala la m'nthawi ya Aroma akale. Akuti nkhani yake ndi ya mkulu wa asilikali woopa atsekwe. Musandifunse zambiri. Chimene ndikudziwa n'chakuti mashiti anga oyera anatuluka m'nyumba muno kukasanduka zovala za Aroma, ndipo tebulo langa lodyerapo linalandidwa ndi kamzinda ka makatoni. Mwezi wathunthu tinkadyera pamiyendo.

Amene amamanga zojambula zakezo ndi mnyamata wina wamtali, wosalankhulalankhula, aliyense amangomutchula Kalipentala. Ndinadziwa kuti pali nkhani tsiku limene anabwera kudzatenga kamzinda kaja. Katundu woti mwana anganyamule ndi dzanja limodzi anamunyamula anthu awiri, ndipo kuchoka pakhomo kukafika pageti anatenga nthawi imene ine ndimapita kumsika n'kubwerako.

Ine mnyamatayo ndinalibe naye vuto. Amapereka moni, amapukuta nsapato asanalowe, mpando wanga wogwedera anaukonza osauzidwa. Vuto linali bambo ake a Kapensulo.

Amuna anga ndi mmisiri womanga nyumba. Anyamata awo kuntchito amawatchula a Levulo, chifukwa chida chawo choyezera kuwongoka kwa khoma chija samachisiya. Akapita kukacheza kwa anthu amayamba awongola zithunzi zapakhoma asanakhale pansi.

Kapensulo anawauza madzulo ena tikumwa tiyi.

"Abambo, pali munthu akufuna kudzakuonani."

"Amagwira ntchito yanji?"

"Amamanga nyumba."

Nkhope yawo inawala. "Eya! Nyumba zotani?"

"Za pasiteji."

"Zogonamo anthu?"

"Ayi."

"Denga zili nalo?"

"Zilibe."

"Nanga kumbuyo?"

"Kumbuyo kulibe, Abambo. Anthu amangoona kutsogolo."

Anaika kapu pansi. "Mayi a Kapensulo, mwamva? Munthu womanga nyumba zopanda kumbuyo akufuna mwana wanga."

"Ndamva," ndinatero. "Imwani tiyi, akuzizira."

"Asabwere kuno kaye. Ndipita ndine kukaona ntchito yake. Ndikakapeza khoma lake lili lowongoka, tikambirana. Likakakhala lopendekeka, nkhani yathera pomwepo."

Kapensulo anatsamwa ndi tiyi. Ine sindinamvetse chifukwa chake.

*

Tinapita Loweruka, akuyeserera sewero. Mlonda anatilowetsera khomo lakumbuyo, ndiye tinangotulukira pasiteji penipeni, pakati pa asilikali ovala mashiti anga akuvina n'kumalira ngati atsekwe. Wotsogolera sewerolo ndi bambo wina wamfupi, wadazi, amene anthu amamutchula a Bwerezaninso, chifukwa mawu ena alibe. Nyimbo ikangoyamba, iye uyo: "Ayi, ayi! Bwerezaninso!"

Mwana wanga anali atajambula msewu wa mumzinda, zipilala mbali ino ndi mbali inayo, ndi kachisi kumapeto. Ukaima pafupi zinali zodabwitsa ndithu. Zipilala zakutsogolo zinali zazitali, zotsatira zake zazifupi, zakumapeto zofika m'phewa mwanga. Matabwa opingasa pamwamba pake ankatsetsereka ngati denga la khola. Chitseko cha kachisi chinali choti munthu wamkulu alowe chowerama.

Amuna anga anasolola levulo m'jekete. Anaigoneka pathabwa lina, kathovu ka m'levulomo n'kuthawira kumapeto. Anaigoneka pena, chimodzimodzi. Anatulutsa tepi n'kuyamba kuyeza zipilala chimodzichimodzi akupukusa mutu.

Ine miyendo inali itatupa. Ndinatsika pasiteji n'kukakhala pampando wa pakati pa holo, ndikuvula nsapato. Nditadzutsa mutu ndinaiwala za miyendo. Kuchokera pamenepo panalibe chopendekeka chilichonse. Unali msewu wautali, wautali zedi, wokwera phiri mpaka kukachisi wooneka ngati ali kutali koti upite pabasi. Chonsecho siteji yake ndi yaing'ono kuposa bwalo la kunyumba kwathu. Ndinangoti, mwana uyu makoma anga aja sanawaonongere chabe.

Ndili chiyang'anire, chitseko cha kachisi chinatseguka, n'kutulukamo mtsikana wina wokongola, wovala chisoti chachifumu chachitali ngati ndowa. Chisoticho chinagunda pamwamba pa chitseko n'kugubuduzika mpaka kutsogolo. Ameneyo ndiye amene amasewera ngati mfumukazi, ndipo dzinalo linamukanirira, moti ngakhale akamagula buledi amafuna kutchulidwa Mfumukazi.

"Kalipentala wangaaa," anatero, mawu akuwakoka ngati chingamu. "Waonanso? Tandikwezera chitsekochi, iwe. Ukufuna ndithyoke khosi?"

Anamugwira pamkono, ndipo dzanjalo silinafulumire kuchokapo.

"Chitseko sichikwezedwa," anayankha ndi Kapensulo ali pamakwerero ndi bulashi. "Werama."

"Mfumukazi siwerama, mchemwali."

"Ndiye vula ndowayo."

Kalipentala anangoyang'ana hamala yake ngati waiona koyamba. Apo n'kuti amuna anga atafika kale pamaso pake.

"Wamanga zimenezi ndiwe?"

"Ndine, Bambo."

"Unayeza?"

"Ndinayeza mosamala, Bambo."

"Mosamala! Ndiye ukapanda kusamala zimakhala bwanji?"

Kapensulo anatsika pamakwerero mothamanga. "Abambo, n'zadala zimenezi. Ndinajambula choncho ndine. Tabwerani mukhale pampando paja pali amayi muone."

"Khoma saliona atakhala pampando. Ndipo usamuikire kumbuyo. Mwana wanga ine sangajambule chinthu chopendekeka."

"Bambo, mukadangolola kuti ndifotokoze," anayamba Kalipentala.

"Bwerezaninso!" anakuwa wadazi uja, ng'oma ndi malipenga n'kuyambiranso, atsekwe n'kudzaza siteji. Palibe amene anamvanso mnzake.

Tili m'njira ndinayesa kuwauza zimene ndinaona.

"Inu munali mutavula magalasi," anatero.

"Ndinavula nsapato."

"Mnyamata ameneuja ayi. Amuchititsa manyazi mwana wanga pamaso pa anthu onse. Anthu adzati mwana wa mmisiri, zipilala ngati mano a nkhalamba."

*

Madzulo ake ndinamukhazika Kapensulo pansi kuti ndimuchotse penti m'tsitsi. Munthu akamakupesa, foni yako amaiona. Wina asakunamizeni.

Kalipentala analemba kuti: "Bambo ako ayeza ngakhale benchi imene ndimakhalapo."

Iye anayankha: "Yapezeka yowongoka?"

"Benchi yapambana. Ine ndalephera."

"Usadandaule. Akadzaona sewero adzamvetsa."

"Akadzalola kukhala pampando."

Kapensulo anaseka, kenaka nkhope n'kusintha. Zala zinayamba kugunda foni mwamphamvu.

"Mfumukazi wako mkono wakubwezera?"

"Si wanga. Wanga ali ndi penti m'tsitsi."

"Ndilonjeze kuti chitseko chija suchikhudza, ngakhale alire misozi."

"Ndalonjeza. Chitseko ndi chako, zipilala ndi zako, womanga wake ndi wakonso."

"Mawu okoma amenewo sachotsa penti," ndinatero. "Weramitsa mutu."

"Amayi! Mukuwerenga?"

"Ukulemba zilembo zikuluzikulu ngati chikwangwani. Ndiyang'ane kuti?"

M'mawa mwake, Lamulungu, Kapensulo anapita kwa mkulu wake kukathandiza kulera khanda, akuti agona komweko ndipo Lolemba adzangopitirira kuntchito.

*

Tsiku lomwelo amuna anga anadzuka molawirira, akuti akukaona malo ena omanga. Anabwerako dzuwa litapendeka, akuimba mluzu, thalauza lili ndi penti yotuwa m'mawondo. Munthu ameneyu ndakhala ndikumuchapira kuyambira ndili mtsikana. Simenti ndimaidziwa, fumbi la njerwa ndimalidziwa. Penti yotuwa ngati mwala ndinaiona malo amodzi okha.

"Munali kuti, Bambo?"

Anakhala pampando n'kutambasula miyendo ngati munthu wobwera kunkhondo. "Ndawongola Roma."

"Mwatani?"

"Ndinatenga anyamata anga awiri. Mlonda uja anandizindikira kuti ndine bambo a Kapensulo, anatitsegulira bwinobwino. Zipilala zazifupi zija tazikweza, tsopano zonse n'zofanana. Matabwa apamwamba ali mzere umodzi, kathovu kali pakati penipeni. Chitseko chija tachikweza, munthu akulowa ali chilili. Tangomaliza mbali imodzi, nthawi inatithera. Inayo ndikamaliza sabata yamawa."

Ndinakhala pansi. "Zipilalazo mwazikweza ndi chiyani?"

"Ndi njerwa. Ndi simenti pang'ono, kuti zigwire."

"Mwaika simenti pasiteji ya eni ake."

"Ntchito ya mmisiri imakhalitsa."

"Mwaononga, Bambo. Mwaononga ntchito ya mwana wanu."

"Inu za kumanga mumadziwapo chiyani? Musamuuze. Akaone yekha mawa. Abwera kuno akuthamanga kudzandithokoza."

Ndinamuimbira Kapensulo. Foni inali yozima. Ndinaimbira mkulu wake, anayankha ndi mwamuna wake, khanda likulira kumbuyo ngati alamu, ndipo chimene anamva n'chakuti ndikufunsa za njerwa. Anati alibe. Ndinatopa. Ndinanyika thalauza lija m'madzi n'kunena kuti zamawa zidzaoneka mawa.

*

Anabweradi akuthamanga, koma osati kudzathokoza. Lolemba masana geti linamenyetsedwa, chitseko chinamenyetsedwa, mwana wanga n'kudzigwetsa pasofa ndi nsapato zomwe.

"Nsapato," ndinatero.

"Wachikweza, Amayi! Wachikweza chitseko chija! Atandilonjeza!"

"Ndani?"

"Kalipentala! Ndalowa m'holo m'mawa, mbali yonse yakumanzere yaima ngati khoma la sitolo. Chitseko chachitali ngati cha garaja. Iye ali chogwada pansi pa chipilala, hamala ili m'manja, akukhomerera thabwa. Ndiye uja, Mfumukazi uja, akungolowa n'kutuluka, kulowa n'kutuluka, ndowa yake ili kumutu, akuimba kuti zikomo Kalipentala wanga, ndinadziwa kuti sungandikanize!"

"Iye anati chiyani?"

"Ndamufunsa pamaso pa onse kuti wachita ndiwe? Wangoti zii. Ndamufunsanso. Akuti, ndikonza. Basi! Ndikonza!"

"Ndiye iwe unatani?"

Anayang'ana kumbali. "Ndinamuuza mawu."

"Mawu anji?"

"Kuti ndi wabodza. Kuti abambo ananena zoona, munthu womanga zinthu zopanda kumbuyo nayenso alibe kumbuyo. Kuti akakwatire ndowa yakeyo." Anapukuta mphuno. "A Bwerezaninso amuchotsa ntchito pomwepo. Akuti sewero latsala pang'ono kuyamba, sangasunge munthu wosintha mapulani chifukwa cha mkazi. Watolera zida zake n'kumapita. Osatembenuka n'komwe."

Ndinazimitsa mbaula. Mpunga unali usanapse, koma ndinaona kuti tsiku limenelo palibe amene adye pa nthawi yake.

"Dzuka. Samba kumaso."

"Tikupita kuti?"

"Kukatenga bambo ako."

Tinawapeza pamwamba pa nyumba ina akulamula anyamata awo. Atationa anamwetulira mpaka m'makutu, n'kutsika akudzikonza kolala.

"Waona, mwana wanga?"

"Sanaone bwino," ndinatero. "Tiyeni mukamuonetse."

*

Ulendo uno tinalowera khomo lakutsogolo. M'holo munali zii. Asilikali anali atakhala m'mphepete mwa siteji akudya mabisiketi, a Bwerezaninso atagwira dazi lawo ndi manja onse awiri. Mfumukazi yekha ndiye anali wosangalala, akudziyang'ana pakagalasi.

Ndinawagwira amuna anga pamkono mpaka pampando wa pakati uja.

"Khalani."

"Ine ndimaona ndili chilili."

"Bambo a Kapensulo, ine ndasiya mpunga wosapsa. Khalani."

Anakhala. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Anatseka diso limodzi.

"Kumanjaku," anatero pang'onopang'ono, "msewu ukupita kutali. Kutali ndithu. Achita bwanji zimenezi? Khomalo alibowola?"

"Sanabowole chilichonse. Nanga kumanzereku?"

"Kumanzereku kwangoima. Ngati mosungira katundu."

"Kumanzereko ndi kwanu."

Kapensulo ankangotiyang'ana, osamvetsa. Ndinakwera pasiteji, mawondo akulira, n'kupita pachipilala chimene Kalipentala ankakhomerera. M'munsi mwake munali thabwa latsopano, penti yake isanaume bwino. Ndinabwereka lupanga la msilikali wina. Linali la thabwa, koma linagwira ntchito. Nditakanula, thabwa lija linagwa, njerwa n'kuonekera: zofiira, zoyalidwa bwino, simenti yosalazidwa ndi dzanja limene mwana wanga walidziwa moyo wake wonse.

"Abambo!"

Asilikali anasiya kutafuna.

"Ndimafuna kukuthandiza," anatero amuna anga, mawu ali ang'onoang'ono.

"Ndiye Kalipentala ankakhomerera chiyani pamenepa?" anafunsa a Bwerezaninso.

"Ankabisa njerwa," ndinatero. "Anafika m'mawa, anaona, anadziwa kuti kalipentala saika simenti pansi pa thabwa. Anadziwanso kuti mmisiri amene anabwera ndi levulo Loweruka ndi mmodzi yekha. Mukufuna ndikujambulireni?"

Kapensulo anakhala pansi pasiteji pomwepo, manja ali kukamwa.

Amuna anga anadzuka. "Mukutanthauza kuti mnyamata uja walola kutukwanidwa, walola kuchotsedwa ntchito, kuti ine ndisachite manyazi?"

"Inu amene munamuyeza ndi benchi yomwe."

Anayenda mpaka kusiteji, anagwada, n'kusisita njerwa zija ndi chala.

"Komabe simenti yake ndinaika bwino."

"Bambo!"

"Chabwino, chabwino." Anatembenukira kwa wadazi uja n'kuvula chipewa. "Akulu, wolakwa ndine. Mnyamata uja mumubwezere ntchito yake. Izi ndigumula ndekha."

"Bwerezaninso," anatero a Bwerezaninso.

"Ndati wolakwa ndine."

"Ndamva. Ndimangofuna amayiwa amvenso, zikuoneka kuti sizichitikachitika."

Asilikali anaseka mpaka wina kutsamwa ndi bisiketi. Nditayang'ana kumene kunali Mfumukazi, ndinangoona chisoti chili pampando. Mwini wake anali atatuluka osatsanzika. Sindinaziganizire. Ndinali ndi zambiri.

Masana onsewo ndinaona chinthu chimene sindinkayembekeza kudzaona ndisanafe. Amuna anga, jekete atavula, akugumula njerwa zawo zomwe, mwana wawo atakhala pampando wa pakati akuwalamula.

"Tsitsani thabwalo, Abambo."

"Lapendekeka kale."

"Tsitsaninso."

"Mwana iwe, kathovu kafika kumapeto!"

"Kasiyeni kathovuko. Tsitsani."

"Moyo wanga wonse sindinamangepo chinthu chopendekeka," ankadandaula, misomali ili kukamwa. "Anyamata anga akamva zimenezi ndithera pati?"

Akakhoma kamodzi ankatsika, kuthamangira kumpando, kutseka diso limodzi, n'kubwerera. Ulendo wina anakhalitsa pampandopo.

"Kuti zioneke chonchi," anatero, "ndiye kuti chipilala chilichonse chili ndi muyeso wakewake. Palibe ziwiri zofanana. Ukaphonya pang'ono, msewu wathyoka." Anakanda m'mutu. "Ine ndikungobwezera zimene anadula kale, thukuta lili kamukamu. Iye anazidula yekha zonsezi?"

"Yekha," anatero Kapensulo.

"Muuze abwere kunyumba. Tikambirane."

"Mwamulola, Abambo?"

"Ndati tikambirane. Koma umuuze kuti mpando ndimupatsa wabwino."

Mwana wanga anawalumphira m'khosi, hamala n'kugwera paphazi la msilikali.

*

M'basi yonse ankalemba mauthenga. Sindinavutike n'kuwerenga mobisa, ankandionetsa yekha.

"Ndadziwa zonse. Pepa."

Palibe yankho.

"Ndinalankhula zopusa. Kumbuyo uli nako, kwabwino kuposa kwa aliyense."

"Zimenezo fufuta," ndinatero. "Sizikumveka bwino."

Anafufuta n'kulemba kuti: "Abambo akuti ubwere kunyumba. Ntchito akubwezera. Chonde yankha."

Palibe yankho. Anaimba, foni inalira mpaka kuduka.

"Wakwiya, Amayi."

"Akwiye. Ukanakhala iwe ukanavina? Mupatse mpata adye, agone. Mwamuna wanjala sayankha bwino."

Titakhota pakona ya kwathu tinaona galimoto yofiira itaima pageti pathu. Pafupi nayo panaima mayi wina wamfupi, wonenepa bwino, chikwama atachipanira m'khwapa, ataima mowongoka moti ngakhale amuna anga sakanapezapo chokonza. Ndinali ndisanamuonepo. Koma mphuno yake ndinaizindikira, ndi ija inkayang'ana hamala Loweruka.

"Ndinu amayi a mtsikana wolalata uja?" anandifunsa, moni osapereka.

"Ndine amayi a mtsikana uyu. Inu ndinu amayi a Kalipentala. Lowani, tikhale pansi."

"Sindilowa."

Anatsegula chikwama n'kutulutsa foni. Inali kuwala ndi mauthenga a mwana wanga.

"Foni yake ili ndi ine, ndipo ikhala ndi ine. Mwana wanga wabwera masana ndi zida zake, wadzitsekera m'chipinda, chakudya wakana. Ameneuja sanakanepo chakudya chibadwire. Ndamufunsa, sakuyankha. Ndikanapanda kuuzidwa ndi anthu achifundo, sindikanadziwa kuti watukwanidwa pagulu ngati wakuba."

"Mayi," anayamba amuna anga, chipewa chili m'manja, "wolakwa ndine. Ndavomera kale pamaso pa anthu. Mwana wanuyo ndi mmisiri weniweni, ndipo ine ndamulola kuti..."

"Mwamulola?" Mayiyo anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Inu mwamulola? Nanga ine anandifunsa ndani? Bambo aononge, mwana wamkazi alalatire wosalakwa, kenaka mukuti mwamulola? Mwana wanga ndinamulera ndekha. M'nyumba yotereyi salowa."

"Amayi, chonde, ndingolankhula naye," anatero Kapensulo, misozi ili m'maso.

"Unalankhula kale m'mawa. Holo yonse inamva."

Galasi la galimoto linatsika pang'onopang'ono. Kuchiwongolero kunali Mfumukazi, atavala mpango kumutu ngati mtsikana wa kwaya, milomo atapukuta zofiira zonse.

"Amayi, tiyeni," anatero ndi mawu ofewa. "Mungadwale nazo izi. Tikamuone ngati wadya."

"Mwamuona mwana uyu?" anatero mayi uja akutsegula chitseko. "Wasiya ntchito yake, wabwera mpaka kwathu kudzandiuza zoona, wandinyamula pagalimoto yake. Awa ndiwo ana oleredwa. Mawa akudya kwathu."

Chitseko chinatsekedwa. Mfumukazi anatibayibitsa ndi zala ziwiri, galimoto n'kunyamuka.

Tinatsala atatu pageti. Kapensulo anandiyang'ana. Bambo ake anandiyang'ana. Zikavuta m'nyumba muno aliyense amayang'ana ine, ngati ndinabadwa ndi mayankho m'thumba.

"Palibe cholira apa," ndinatero. "Mawa m'mawa tonse atatu tikupita kwawo, tikafike uyo asanafike. Bambo, mukapepesa ndinu. Iwe ukatseka pakamwa mpaka ndikuuze. Amakhala kuti?"

Kapensulo anayamba kukanda penti ya pachala chake.

"Ndikufunsa iwe. Kwawo kwa Kalipentala n'kuti?"

"Sindikudziwa, Amayi. Sanandipititseko. Ankati ndidikire kaye abambo avomere."

"Kuholo angadziwe?"

"Palibe amene anafikako. Sauza munthu."

Ndinayang'ana kumsewu. Galimoto yofiira ija inali ikukhota pakona, osazengereza, osafunsa njira.

"Nanga uyo," ndinatero, "wakudziwa bwanji?"